Injini Yanoka: Mbiri ya Ovaholo M'chigwa cha Domasi

Msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde unayamba kudya mainjini kalekale, makolo athu asanabadwe. Ine ndinakulira pa Domasi Mishoni, kumtunda kwa chigwa chimene chili pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo malume anga anali mmodzi mwa anthu amene ankaitanidwa galimoto ikanoka. Ntchito yawo ya ovaholo, yomasula injini yakufa n'kuimanganso mpaka ilire, ili ndi mbiri yake kuno kwathu. Za abusa, aphunzitsi ndi mafumu zimalembedwa m'mabuku. Za anthu a manja a girizi timangozikumbukira pamaliro, pomwe wina amati malemuwa ankaidziwa Land Rover.

Pamene Alexander Hetherwick ankatsegula mishoni ya Domasi m'dera la mfumu Malemia mu 1884, katundu ankayenda pamutu ndipo azungu ankayenda pamachira. Mishoni ya Blantyre, imene inabereka Domasi, inkaphunzitsa ukalipentala, kuumba njerwa, kumanga, ulimi ndi kusindikiza mabuku. Injini zinalipo m'dziko muno, koma zinali pamadzi: sitima ya Ilala inalowa m'nyanja mu 1875, ndipo anthu athu oyamba kuzolowera fungo la oyilo wotentha anali osonkhezera moto m'sitima za pa Shire ndi panyanja. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma ku Zomba, likulu la boma kuyambira 1891, sinafikeko. Chilichonse cha boma chinkayenera kukwera ndi msewu, ndipo n'chifukwa chake galimoto inafulumira kukhazikika m'boma lino.

Nkhondo ya 1914 ndiyo inadzaza msewu wathu ndi magalimoto. Asilikali a General Edward Northey, amene ankalimbana ndi Ajeremani kumpoto kuyambira 1916, ankadalira katundu wotsika pa Limbe, wodutsa pa Zomba, kuwoloka Domasi, kuwolokanso Shire pa Liwonde, mpaka ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi, kukakwera sitima. Mtolo waukulu unagwera amtengatenga, anthu pafupifupi 200,000, ndipo zikwi zingapo anafera m'njira. Pambali pawo pankadutsa timagalimoto ta Ford Model T. Injini ya kagalimoto kameneka inalibe pampu ya oyilo. Oyilo ankangowazidwa ndi zitsulo zozungulira. Pachitunda chachitali oyilo yense ankathawira kumbuyo, beyaring'i yakutsogolo n'kuuma, kutentha, n'kusungunuka. Kumeneko ndiko kunoka kumene chigwa chino chinayamba kumva.

Sukulu ya umakaniko ya masiku amenewo inali kumbuyo kwa lole. Mnyamata ankalembedwa ngati lole boyi kwa mmwenye wa sitolo, ku esiteti ya fodya kapena ku dipatimenti ya boma yokonza misewu. Ntchito yake inali kupukusa hendulo m'mawa, kutunga madzi a rediyeta, kuika mwala kutayala pachitunda ndi kugona pansi pa lole usiku. Akakhala wamaso, ankaona mmene dalaivala ankamasulira sampu n'kuchotsa timalata tochepetsera mpata wa beyaring'i. Pa Domasi pompano boma linatsegula sukulu ya Jeanes mu 1929, yophunzitsa aphunzitsi, mafumu ndi akazi awo zaukhondo, ulimi ndi ntchito zamanja, koma injini anthu ankaiphunzira kwina. Kampani ya mabasi ya Nyasaland Transport itayamba mu 1947, magalaja anakula ku Blantyre ndi ku Limbe. Ena anakaphunzira ku Salisbury ndi ku Joni. Malume anga anali a gulu limeneli: anapita ku Salisbury ali sipanala boyi, anabwerako m'zaka za m'ma 1960 ndi bokosi la zida, komanso micrometer imodzi imene ankaisunga m'kabokosi kathabwa, yokulunga m'kansalu ka oyilo. Mwana aliyense wa pakhomo ankadziwa kuti kabokosi kameneko sikogwira.

Galaja yawo inali mtengo wa mango wokhala ndi nthambi yolimba yopachikapo tcheni. Ndikukumbukira pikapu ya Peugeot 404 imene inkachita matola pakati pa Songani ndi Zomba. Inabwera chokokedwa, mwini wake akuti inangoyamba kugogoda pamene ankakwera kuchokera kumsewu waukulu atanyamula matumba a chimanga. Malume sanayambe ndi sipanala. Anatsitsa oyilo m'beseni, anapita naye padzuwa, n'kumupendeketsa pang'onopang'ono. M'oyilomo munkanyezimira timchenga tachikasu. Anapaka pachala, n'kundionetsa.

"Waona, mwanawe? Iyi ndi beyaring'i. Yadyeka mpaka pamkuwa. Koma injini siifa yokha. Tisanagule kanthu tipeze chimene chaipha."

Anachipeza tsiku lotsatira. Sampu inali itaphwanyikira m'kati chifukwa chogunda mwala, ndipo inatsamira pakamwa pa kapaipi kokoka oyilo. Pamalo osalala oyilo ankakwanira. Pachitunda, injini ikukoka mwamphamvu, ankaperewera. Akanangosintha mabeyaring'i osawongola sampuyo, galimotoyo ikananokanso isanafike n'komwe pa Naisi.

Zitatero ndiye ntchito yeniyeni inayamba. Chitsulo chilichonse chinkaikidwa pamkeka m'ndondomeko yake, pisitoni yoyamba ndi con rod yake, chivundikiro chake chitadindidwa kadontho kamodzi ndi panchi, yachiwiri timadontho tiwiri, mpaka yachinayi. Ine ntchito yanga inali kutsuka ndi palafini ndi kupopera mpweya m'timabowo ta oyilo ndi pampu ya njinga. Ndikanena kuti ndamaliza, malume ankapititsa kansalu koyera m'bowo. Kakatuluka ndi kadontho kakuda, ndinkayambiranso. Kenako ankatsegula kabokosi kaja n'kuyeza crankshaft, malo amodzi kangapo, motembenuza, kuti aone ngati ikadali yobulungira. Mpata wa pakati pa crankshaft ndi beyaring'i umakhala pafupifupi 0.05 mm, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo moyo wonse wa injini uli m'kampata kameneko, chifukwa ndimo mmene oyilo amanyamulira chitsulo kuti chisakhudzane ndi chinzake. Crankshaft ikakandika inkakulungidwa m'chiguduli n'kukwera basi ya kampani ya UTM kupita kwa odula zitsulo ku Limbe kapena ku Blantyre. Ikadulidwa koyamba amakaniko ankati ili pa teni, kachiwiri pa twente, kachitatu pa sate, kutanthauza 0.25, 0.50 ndi 0.75 mm, ndipo mabeyaring'i ankagulidwa a msinkhu womwewo.

Amakaniko a kumudzi ankaikonda 404 pa chifukwa chomveka. Masilinda ake anali masilivi ozula ndi kubwezera, motero munthu ankagula masilivi, mapisitoni ndi maring'i pamodzi, n'kumanga injini pansi pa mtengo popanda kupita ndi buloko kutauni. Land Rover ya malita 2.25 inalibe mwayi umenewo: silinda ikatha, buloko yonse inkayenera kukaboledwa. Mbiri ya Peugeot inkamvekanso pawailesi, poti 404 inapambana mpikisano wa Safari ku East Africa mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 inapambana mu 1975. Madalaivala a matola ankanyadira ngati kuti anali komweko.

Kumanga kunali ndi mwambo wake. Mavalavu ankagayidwa ndi kamtengo kokhala ndi mphira kunsonga, kokupukusa pakati pa zikhatho mpaka mkombero wotuwa uonekere mozungulira monse, ndipo poyesa ankathira palafini kuti aone ngati akudontha. Mipata ya maring'i sinkaloledwa kuyang'ana mbali imodzi. Akamanga chivundikiro cha beyaring'i chimodzi, malume ankazunguza crankshaft ndi dzanja; ikalimba pang'ono, ankamasulanso. Mabawuti a hedi ankamangidwa kuyambira pakati kupita kumbali. Injini ikalira, mwini galimoto ankalandira malamulo: osathamanga, osadzaza katundu, abwere adzatsitse oyilo woyamba ndi kumangitsanso hedi. Ambiri ankamvera, chifukwa ndalama ya ovaholo inali ya chaka chathunthu.

Zaka za m'ma 1980 zinayesa luso limeneli. Likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975, magalimoto ambiri a boma atapita nalo. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi Nacala, moti pofika 1984 katundu wambiri ankazungulira mtunda wautali kudzera ku Durban. Masipeya anasowa, opezekawo anakwera mtengo. Amakaniko anaphunzira kudula gasiketi pa katoni pogogoda ndi kahamala m'mphepete mwa chitsulo, kusema maring'i aakulu kuti alowe m'silinda yaing'ono, kuphatikiza mainjini awiri akufa kuti patuluke imodzi yamoyo. Zigayo za dizilo za Lister, zimene zinkadyetsa midzi, zinapitiriza kugunda chifukwa cha anthu amenewa. Koma nthawi yomweyo inabala chizolowezi choipa chimene chilipo mpaka lero: kuika kachidutswa ka chitini kuseri kwa beyaring'i yakutha, kuthira oyilo wolemera kuti phokoso libisike, galimoto n'kugulitsidwa msanga. Malume ankadana nazo kwambiri zimenezi. Ankati kudula gasiketi pa katoni ndi umphawi, koma kubisa kunoka ndi kuba.

Msuweni wanga wina, monga achinyamata ambiri a ku Songani ndi Malosa, anapita ku Joni, ndipo anapeza ntchito yotsuka zitsulo m'galaja yokonza magalimoto othamanga. Kumeneko kuli mabwalo ngati Kyalami, lomwe linatsegulidwa mu 1961, ndi Zwartkops kufupi ndi Pretoria, komwe pamasiku ena munthu wamba amalipira n'kulowa ndi galimoto yake kukaithamangitsa mmene angathere. Lolemba lake, iye akuti, ena amabwera nazo pangolo. Atandifotokozera chimene chimazipha ndinadabwa kuti ndi matenda omwe aja a Model T ndi a pikapu ya matola. Galimoto ikamakhota pakona yaitali ili paliwiro, oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, pampu imakoka mpweya kwa kamphindi kochepa, ndipo injini yozungulira maulendo 7,000 pamphindi siikhululuka. Beyaring'i imagwira crankshaft n'kuzungulira nayo, con rod imatentha mpaka kubiriwira, nthawi zina imathyoka n'kuboola buloko.

Kukonza kwake nakonso ndi komwe kuja, kungosiyana zida. Amadula fyuluta kuti aone zinyenyeswa. Amayeza crankshaft, masilinda ndi ma con rod, amafufuza ming'alu yosaoneka ndi maso, amayeza ngati hedi yapindika. Choziziritsira oyilo amachitaya, poti timchenga ta beyaring'i tobisala mmenemo tikhoza kupha injini yatsopano. Mabawuti a con rod sabwezera akale. Ndipo asanatseke amaika timalata m'sampu totchinga oyilo kuti asathawe pakona, chifukwa kumanga injini osachotsa chimene chinaipha n'kutaya ndalama. Msuweni wangayo akuti mabwana ake anamukweza kuchoka pabeseni atazindikira kuti satopa kutsuka ndiponso sasokoneza ndondomeko ya zitsulo. Zimenezo anaziphunzira pamkeka womwe uja.

Kuno kwathu zinthu zinatembenuka pambuyo pa 1994, malonda atamasuka. Magalimoto akale a ku Japan anayamba kulowa kudzera ku Durban ndi Dar es Salaam, maminibasi a Hiace anadzaza msewu wa M3, kenako ma Sienta. Pamodzi nawo panabwera mainjini ogwiritsidwa kale ntchito, oti munthu angogula n'kuika. Mwini minibasi sangadikire milungu itatu crankshaft ili ku Blantyre pomwe injini ina ikhoza kulowa Loweruka, Lolemba galimoto ili pamzere. Sindimuimba mlandu. Koma zotsatira zake n'zakuti tili ndi m'badwo wa amakaniko odziwa kutsitsa ndi kukweza injini, amene sanatsegulepo m'kati mwake ndi cholinga choyeza. Ambiri alibe micrometer, ena alibe ndi torque wrench yomwe. Bawuti amaimanga mpaka mkono utawauza kuti basi.

Tsopano kwacha yagwa, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo injini yochokera kunja yasanduka katundu wa anthu ochepa. Ovaholo yabwerera mwakakamizo. Pitani pa Songani kapena pa Domasi muone njinga zamoto za kabaza zitasanzulidwa pansi, pisitoni ili pafumbi, mnyamata akumanga maring'i atsopano m'silinda imene sanaiyeze. Miyezi iwiri isanathe njingayo ikufukanso utsi, mwini wake n'kumadandaula kuti masipeya a masiku ano ndi achabechabe. Ena ndi achabechabe ndithu, koma kawirikawiri chimene chasowa ndi kuyeza ndi kutsuka.

Masukulu a ntchito zamanja alipo, ya Nasawa ili m'boma lathu lomwe lino, ndipo TEVETA yakhala ikuyendetsa maphunziro amenewa kuyambira 1999. Koma anyamata ambiri a pansi pa mitengo sadzapondako m'kalasi. Madoda amene anamanga ma 404, ma Bedford ndi ma Land Rover akadalipo owerengeka m'midzi ya Malemia, ena maso ayamba kuchita chidima. A TEVETA awapeze, awapatse anyamata oti awaphunzitse, ndipo pamsika uliwonse waukulu pakhale zida zoyezera zoti amakaniko azibwerekana. Inunso eni galimoto ndi njinga, injini ikanoka musathamangire kogula masipeya. Mufunseni makaniko wanu kuti chaipha n'chiyani, ndipo akuonetseni muyeso wa crankshaft musanatulutse ndalama.