Kuwala kothawira m'mbali mwa sikirini

Ili ndi vuto la masikirini a LCD, kaya a kompyuta, osewerera PlayStation kapena a wailesi yakanema. Sikirini yotereyi siwala yokha. Kumbuyo kwake kuli timababu, nthawi zambiri ta LED, ndipo galasi lakutsogolo ndilo limatchinga kuwalako pamene chithunzi chikuyenera kuda. Chimango chikafinya galasi mbali imodzi, kuwala kumathawira m'makona n'kumaoneka ngati chifunga. Masana sikudziwika kwenikweni, koma usiku, filimu kapena masewera akafika pamdima, kumasowetsa mtendere. Masikirini a OLED alibe vutoli chifukwa kadontho kalikonse kamawala pakokha.

Palinso timadontho takufa. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo kakufako kamangokhala kakuda, sikakonzeka.

Munthu wa ku Magaleta, m'boma la Neno, akakagula sikirini yakale ku Limbe asamalipire asanaiyese, chifukwa kubweza katundu kuchokera kutali chonchi n'kowawa. Aike chithunzi chakuda bii pamalo amdima kuti aone kuwala kothawa, kenako choyera mbee kuti aone timadontho takufa. Ponyamula aikulunge m'bulangete n'kuiimika. Kuigoneka pansi pa matumba mumsewu wamabampu kumapinda chimango, mwinanso kuswa galasi.