Njovu Zinayi ndi Chizindikiro Chobedwa

Chizindikiro cha kampani chili ngati mphini za kumaso: wozitema amadziwa chifukwa chake, koma ozionawo amatanthauzira mmene afunira. Mbiri ya Carlsberg, dzina lodziwika ngakhale kwa ife amene sitilawa mowa, ikutiphunzitsa kuti mwini chizindikiro sakhala mwini tanthauzo lake mpaka kalekale.

Kampaniyi anaiyambitsa ndi J.C. Jacobsen m'chaka cha 1847 pa phiri laling'ono la Valby, m'mbali mwa mzinda wa Copenhagen ku Denmark. Dzina lenilenilo labisa chikondi cha bambo. Carl linali dzina la mwana wake, yemwe panthawiyo anali ndi zaka zisanu, pomwe mbali yotsalayo itanthauza phiri. Tikamaitanitsa Carlsberg, ndiye kuti tikutchula "Phiri la Carl".

Koma chikondicho chinasasa. Carl atakula anasemphana maganizo ndi bambo ake pa kafulidwe ndi kagulitsidwe ka mowa, mpaka anayamba kampani yakeyake yotchedwa Ny Carlsberg, kutanthauza Carlsberg Watsopano. Makampani awiri oyandikana, a dzina limodzi, anafunika kusiyanitsidwa pa botolo. Bambo anasankha nyenyezi ya nsonga 12. Mwana, pokhala wokonda zaluso zamakedzana, mu 1881 anasankha mtanda wopindika nsonga wotchedwa swastika. Ku India chizindikirochi chakhala chikuimira mwayi ndi mtendere kwa zaka zikwi zambiri, ndipo Carl sanaone choipa chilichonse pochitenga. Awiriwa anagwirizananso mu 1886, bambo namwalira chaka chotsatira, ndipo makampaniwo anaphatikizana mu 1906.

Chozizwitsa chachikulu chili pa chipata chomwe Carl anamangitsa mu 1901. Njovu zinayi zosemedwa ku mwala zasenza nsanja pamsana. Wodutsa angaganize kuti njovuzo zikungoonetsa mphamvu za kampani, koma nkhani yake ndi ya misozi. Carl ndi mkazi wake Ottilia anabereka ana asanu ndi atatu, ndipo anayi anamwalira. Njovu zinayizo ndi ana amene anatsala. Pa nthiti za njovu anasemapo swastika, ngati kholo lomangira mwana chithumwa m'chiuno kuti imfa imulambalale.

Chakudza sichiimba ng'oma. Carl anamwalira mu 1914 osadziwa kuti mu 1920 chipani cha Nazi ku Germany chidzatenga chizindikiro chomwecho kukhala mbendera yake. Pa 9 Epulo 1940 asilikali a Hitler analanda Denmark, atanyamula mtanda umene anthu a ku Copenhagen anazolowera kuuona pa botolo la mowa. Pansi pa mbendera imeneyo panaphedwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Kodi kampani ikanafotokoza bwanji kuti wakewo ndi mtanda wa mwayi? Pomwe nkhondo inkatha mu 1945, chizindikirocho chinali chitachoka pa malonda ake onse. Koma chinatsala pa njovu zamwala zija, pomwe alendo amachiona mpaka lero, ena nkudzidzimuka.

Chomwe chinapulumuka ndi zilembo zokhotakhota zimene mmisiri Thorvald Bindesbøll anajambula mu 1904, pamodzi ndi katsamba ka nsonga zitatu. Ambiri amakayesa duwa wamba, chonsecho ndi tsamba la hops, chomera chimene chimapatsa mowa kuwawa kwake.

Zilembo zimenezi ndi zomwe zinafika kwathu kuno mu 1968, pamene ku Blantyre kunatsegulidwa fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Ngakhale kampani ya Castel inagula fakitaleyo mu 2016, dzinali lakhazikika m'makutu mwa anthu. Koma taonani zomwe Amalawi anachita: sanalabadire za Carl, za phiri kapena za katsamba. Anayang'ana mtundu wa pepala la pa botolo nkuutcha mowawo "Girini". Nafenso tinalemba tanthauzo lathu pamwamba pa la eni ake.

Amisiri amatha miyezi akubisa nzeru m'kachithunzi kochepa ngati chikhadabo, ndipo amalipidwa ndalama zankhaninkhani. Komabe chizindikiro chikangotuluka pa chipata cha fakitale chimakhala cha anthu. Akhoza kuchikonda, kuchipatsa dzina lina, kapena kuchiviika m'magazi. Carl anasemera ana ake dalitso pa mwala, koma owerenga lero amaonapo temberero.