Ula, Maere ndi Dayisi pa Njira ya ku Tete

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Blantyre, kuwoloka Shire, kukwera zitunda za Mwanza ndi kufika ku Zobwe, ayenera kudziwa kuti dera limene lero likulira ndi malole opita ku Tete linali kudutsamo kale amalonda, alenje ndi asing'anga, amene pamodzi ndi nsalu, mikanda ndi minyanga anali kusenzanso matumba a ula. Pakuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo munthu wa paulendo afuna kudziwiratu chimene chili kumudikira kutsidya kwa mtsinje.

Kutsidya kwa Zambezi, m'dziko la Mwenemutapa, oombeza anali ndi timatabwa tinayi totchedwa hakata, tosemedwa mbali imodzi yokha; ndipo popeza kalikonse kangagwe chagada kapena chafufumimba, kagwedwe kake konse kanali ka mitundu 16, uliwonse ndi dzina lake ndi uthenga wake. Mbiri isimba kuti m'chaka cha 1561, pamene wansembe Gonçalo da Silveira, amene anadzera ku Sena ndi ku Tete, anaphedwa ku bwalo la mfumuyo, ula wa zinthu zinayi unali utaponyedwa pa mlandu wake. Ndipo wansembe wina, João dos Santos, analembanso za hakata m'buku lake la 1609.

Kwathu kuno, m'midzi ya Kanduku ndi Nthache ngati kwina konse, woombeza anali ndi timafupa, tizigoba ndi nyanga zake, koma mtima wa mwambo unali womwewo: kanthu sikagwa kokha. Mwana akadwala, mlenje akabwerako chimanjamanja, anthu sanali kunena kuti ndi tsoka chabe, koma anali kufunsa kuti ndani, ndi chifukwa ninji. Pa milandu yaikulu panali mwabvi, umene nthawi zina anali kumwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa mwini mlandu, kufikira boma la Atsamunda linauletsa ndi lamulo la 1911. Amishoni nawo anadzudzula ula kolimba, ngakhale kuti (tinene motsitsa mawu) buku lomwelo anadza nalo lisimba za maere amene anagwera Yona m'ngalawa, ndi amene anasankha Matiya kulowa m'malo mwa Yudasi.

Maere a m'masewera ndiwo dayisi: ya mbali 6 ambiri anaidziwira pa ludo, ndipo akuluakulu a bawo anali nayo chifukwa choipeputsa, pakuti pa bawo munthu apambana ndi mutu wake.

Koma m'chaka cha 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons, m'mene mmodzi asimba nthano, ena nakhala anthu a m'nthanomo; ndipo kuyambira 2000 lamulo lake loyesera luso linakhala limodzi. Wosewera akati munthu wake awoloke mtsinje wosefukira, kapena apepese mfumu yokwiya, wosimba nthano atchula nambala yoyenera kufikapo, tinene 15. Mnzakeyo aponya dayisi ya mbali 20, nawonjezerapo luso la munthu wake, tinene 4. Zikakwana 15, wawoloka. Motero waluso asowa 11 kapena kuposa, ndiwo mwayi wa theka, pamene wopanda luso asowa 15, ndiwo magawo 30 pa 100. Katswiri angamire, mbuli ingawoloke, koma mwayi wa katswiri ndiwo woposa.

Ena ati masewera otere ndi ula wa Azungu, koma ine ndikana, ngakhale kaponyedwe kafanana. Wosimba nthano atchula nambala dayisi isanagwe, ndipo itagwa palibenso womasulira. Woombeza anali kulankhula ula utagwa kale, atamva bwino madandaulo a odzawo, nadziwa amene anakangana ndi mlamu wake ndi amene sanathire nsembe kwa makolo. Hakata zosemedwa bwino zipatsa kagwedwe kalikonse mwayi umodzi pa 16, monga dayisi ya mbali 16 ikadachitira. Koma mlanduwo unali kutsatira lilime la woombeza, ndipo ndicho chifukwa chake wosakhutira anali kuyenda ulendo wautali kukaombezanso kwa mlendo amene sadziwa za pamudzi pake.