Suha, Nyenyezi Yoyesera Maso

Suha ndi nyenyezi yooneka mozimirira imene ili kumpoto, m'chigawo cha thambo chotchedwa Ursa Major. Mabuku a masiku ano amaitcha Alcor kapena 80 Ursae Majoris. M'chigawochi muli nyenyezi zisanu ndi ziwiri zowala kwambiri zimene Arabu akale ankazitcha Banat Na'sh: zinayi ankaziona ngati jeneza, zitatu zotsalazo ngati ana aakazi operekeza maliro. Ya pakati pa zitatuzo ndi Mizar, ndipo Suha ili pambali pake penipeni. Mpata umene timauona pakati pa ziwirizi sufika ngakhale theka la kukula kwa mwezi wathunthu.

N'chifukwa chake Arabu ankayesera maso pa nyenyeziyi: woisiyanitsa ndi Mizar ankatengedwa kuti maso ake ndi akuthwa. Katswiri wa zakuthambo Abd al-Rahman al-Sufi anaitchula m'buku lake la nyenyezi la chaka cha 964.

Akatswiri ali ndi muyezo wa kuwala kwa nyenyezi umene umasokoneza ophunzira athu ambiri, chifukwa nambala ikamakwera, kuwala kumatsika. Diso la munthu limalekezera cha pa 6, kukakhala mdima wabii. Suha ili pa 4.0 pamene Mizar ili cha pa 2.2, kutanthauza kuti Mizar imaiposa kuwala pafupifupi kasanu.

Koma kuzimirira kumeneku ndi kwa mtunda chabe. Kuwala kwa Suha kumatenga zaka pafupifupi 82 kuti kutifike. Nyenyeziyi imaposa dzuwa kulemera kwake ndi kukula kwake pang'ono kufika kawiri, ndipo kuwala kumene imatulutsa kumaposa kwa dzuwa maulendo oposa khumi. Dzuwa lathuli, limene limatiwaula mu Okutobala, litaikidwa pamene pali Suha, sitingalione ndi maso.

Pogawa nyenyezi m'magulu, akatswiri amayang'ana mtundu wa kuwala kwake, umene umaulula kutentha kwake. Magulu ake ndi O, B, A, F, G, K ndi M, kuyambira zotentha kwambiri zobiriwira ngati thambo mpaka zofiira zotentha pang'ono. Suha ndi A5V: ndi yoyera, ndipo pamwamba pake pamatentha pafupifupi madigiri 8,000 pa muyezo wa Kelvin. Dzuwa ndi G2V, madigiri pafupifupi 5,800. Chilembo V ndi nambala 5 ya Chiroma, chosonyeza kuti nyenyeziyo idakali pa msinkhu wosandutsa haidrojeni kukhala hiliyamu m'kati mwake.

Suha siili yokha. Mu 2009 akatswiri anapeza kanyenyezi kofiira ka gulu M koyendera limodzi nayo, kosaoneka popanda telesikopu yamphamvu. Mizar nayonso ndi nyenyezi zinayi zimene diso limaziona ngati imodzi, ndipo zonsezi zikulowera mbali imodzi mumlengalenga.

Kuno ku Malawi Suha siikwera kwambiri. Imangofika cha pa madigiri 20 kuchokera m'chizimezime cha kumpoto. Nthawi yabwino ndi usiku wa mu Epulo mpaka Juni, mvula itatha ndipo utsi wa lupsa usanadzaze mlengalenga. Sankhani usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi a m'tauni, pamalo pamene phiri kapena mitengo sizikutchinga kumpoto. Dikirani mphindi makumi awiri kuti maso azolowere mdima, osayang'ana foni, kenako funani Mizar.