Liwiro lomwe shafti ya chigayo imaliopa

M'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, m'komboni ya Garden mu Lusaka, moto wa owotcherera zitsulo umayamba kuthetheka dzuwa lisanakwere. Amisiri a luso limeneli ndiwo amadzutsa zigayo zikafa, zomwe zinachuluka m'makomboni pambuyo pa zipolowe za mtengo wa unga za 1986 ndi 1990. M'chigayo muli fani yopemerera unga, ndipo ikayamba kugwedeza nyumba yonse, ambiri amathamangira kusintha mabeyaringi. Nthawi zina wolakwa amakhala shafti yeniyeniyo.

Shafti iliyonse, ngakhale yonenepa ngati mkono, imapindika pang'ono, ndipo ili ndi liwiro lake lomwe ikalifika imayamba kuvina ngati chingwe cholumpha ana. William Rankine wa ku Glasgow analemba za liwiroli mu 1869, nkuganiza kuti palibe makina angalipitirire. Gustaf de Laval wa ku Sweden anamutsutsa ndi ntchito ya manja: m'zaka za m'ma 1880 anazunguza makina ake a nthunzi kupitirira malirewo pa shafti yowonda, ndipo inakhazikika. Mu 1919 Henry Jeffcott anafotokoza bwino chifukwa chake.

Wina anganene kuti, poti de Laval anadutsa, mwini chigayo aope chiyani? Makina a de Laval anapangidwira zimenezo, ndipo ankadutsa msanga pamalo oopsawo. Fani ya chigayo ndi ina: unga wachinyezi umamatirira ku mapiko ake, mbali imodzi nkulemera. Nchifukwa chake opanga mafani amafuna kuti liwiro loopsalo likhale patali, pafupifupi 25 peresenti pamwamba pa liwiro logwirira ntchito.

Mpata umenewu umatha mosavuta. Mota ya magetsi a ZESCO imazungulira pafupifupi ka 1,450 kapena 2,900 pa mphindi, koma mmisiri akasintha pule kuti unga uzituluka msanga, wakweza liwiro la shafti mota ili yomweyo. Akatalikitsa kawiri mtunda wa pakati pa mabeyaringi, liwiro loopsa la shafti yokhayo limatsala gawo limodzi mwa anayi. Zizindikiro zake zimaoneka: maboliti amamasuka okha, beyaringi imatentha osagwirika, simenti ya pansi imachita ming'alu. Kuwotcherera chitsulo china pa felemu kumangobisa phokoso, shafti ikupindikabe mkatimo.