Mulungu Sataya Munthu: Mbiri ya John Newton

Pali mau awiri amene timamva kawiri kawiri m'midzi mwathu. Wina ati, Ine ndacimwa kopambana, Mulungu anandileka kale. Ndidzapitiranji ku nyumba ya mapemphero? Wina ati, Mulungu anandiciritsa nthenda ija, cotero ndidziwa kuti akondwera ndi njira zanga zonse. Anthu awiriwa alikulakwa onse, ndipo ndifuna kuti tione kulakwa kwao m'mbiri ya munthu mmodzi wa ku England, dzina lace John Newton. M'mbiriyi muli zokondweretsa, mulinso zowawitsa mtima wa munthu wa mu Africa. Zowawazo sindidzabisa, pakuti mwini wace sanazibisa pa ukalamba wace.

John Newton anabadwa ku London m'caka ca 1725. Atate wace anali mkuru wa ngalawa za malonda, wosakhalitsa pakhomo. Amace, dzina lao Elizabeth, anali munthu wopemphera; anamphunzitsa kuwerenga akali wamng'ono, namthandiza kuloweza Katekisma ndi mau a m'Buku Lopatulika, nalakalaka kuti adzakhale mbusa. Koma m'caka ca 1732 anamwalira ndi nthenda ya cifuwa, mwanayo asanakwane zaka 7. Pofika zaka 11 analowa m'ngalawa ya atate wace, ndipo pakati pa amarinyero anataya pang'ono pang'ono zonse za amace, kufikira anasanduka wonyoza Mulungu poyera.

Masiku amenewo, ngalawa za nkhondo za Angerezi zikasowa anthu, asilikari ankagwira amarinyero panjira ndi kuwalowetsa nchito mokakamiza. Cotero m'caka ca 1744 Newton anagwidwa, naikidwa m'ngalawa yochedwa Harwich. Mtima wace unali kwa namwali wina, Mary Catlett, ndipo pakumva kuti ngalawayo ipita ulendo wa zaka zambiri, anathawa. Anamgwira, nambvula malaya, namkwapula pamaso pa anzace onse. Mkwiyo wace unakula kotero kuti analingalira za kupha mkuru wa ngalawa, kapena kudziponya m'nyanja. M'caka ca 1745 anamsinthanitsa ndi mmarinyero wina, nalowa m'ngalawa yogula akapolo yopita ku gombe la Sierra Leone, kumadzulo kwa Africa.

Kumeneko anatsika, nalowa nchito kwa Mzungu wogulitsa akapolo, dzina lace Clow, pa kacisumbu ka Plantain. Iye anayesa kuti adzalemera. Koma anadwala malungo mbuye wace ali paulendo, ndipo mkazi wa Clow anamuda, namsiya osamsamala. Anagona pa mphasa, natsamira cipika. Nthawi zina mkaziyo anamtumizira makombo a m'mbale yace. Tsiku lina, cifukwa ca kufoka, mbale inampulumuka m'manja, ndipo mkaziyo anangoseka. Usiku Newton ankazula mizu m'munda mobisika, naidya yaiwisi.

Tsono imvani cimene cinamsunga ndi moyo. Akapolo a pamenepo, anthu omangidwa maunyolo, oyembekeza kugulitsidwa tsidya la nyanja, anamcitira cifundo. Anapatula pa kacakudya kao kakang'ono, nampatsira mobisa, pakuti akadaoneka akadalangidwa. Munthu amene anadza kudzagula anthu anadyetsedwa ndi anthu ogulidwa. Maina ao sanalembedwa m'buku liri lonse, koma Mulungu awadziwa. Ndipo ine ndiyesa kuti pa dzanja lonse limene Mulungu anatambasulira Newton, dzanja la akapolo awa ndilo loyenera kukumbukika koyamba.

Atate wace anapempha mwini ngalawa wina wa ku Liverpool kuti amfunire mwana wace. M'mwezi wa February 1747 ngalawa yochedwa Greyhound inalikupita pafupi ndi gombe kumene Newton anali atasamukira. Mnzace wa Newton anasonkha moto pamcenga kuti utsi uitane amalonda; ngalawa inaima, ndipo funso loyamba la mkuru wace linali la John Newton. Pa gombe lalitali lija, utsi umodzi unakomanitsa wofuna ndi wofunidwa. Koma Newton sanayamika. Ngalawayo inakhala pafupi caka ikugula golidi, minyanga ya njobvu, phula la njuci ndi mitengo ya utoto, ndipo masiku onsewo mwano wace unaposa wa amarinyero onse, kotero kuti mkuru wa ngalawa anamdzudzula kawiri kawiri.

Ali paulendo wobwerera ku England, m'mwezi wa March 1748, anadzidzimuka usiku madzi atadzaza m'cipinda cace. Namondwe anali atathyola mbali ina ya ngalawa. Pamene analikukwera kumka pamwamba, mkuru wa ngalawa anambweza kuti akatenge mpeni; munthu wina anakwera m'malo mwace, ndipo pomwepo funde linamkokolola, osaonekanso. Otsalawo anatseka ziboo ndi zobvala ndi zofunda zao, nadzimanga ndi zingwe kuti angakokoloke, napopa ndi kukapa madzi usiku wonse. Kutaca, atatopa, Newton anauza mkuru wa ngalawa kuti ngati izi sizithandiza, catsala ndi cifundo ca Ambuye cokha. Mauwo anamdabwitsa mwini wace, pakuti zaka zambiri sanachula dzina la Ambuye koma potukwana. Ndipo anadzifunsa ngati cifundo cingakhalepo kwa munthu wonga iye. Pambuyo pace anamuika pa tsigiro, nawongolera ngalawa kufikira pakati pa usiku, alikukumbuka moyo wace wonse ndi mau aja amace anamphunzitsa.

Ngalawa sinamira, popeza katundu wace, phula ndi mitengo, anali wopepuka. Koma masautso sanatha. Ziweto zao zinali zitapita ndi madzi, zakudya zambiri zitaonongeka. Theka la nsomba imodzi youma linagawidwa kwa anthu 12 pa tsiku. Mphepo inawakankhira kutali ndi njira yao, ndipo mkuru wa ngalawa ananena kawiri kawiri kuti ali ndi Yona m'ngalawa, ndi kuti kukadakhala bwino kumponya Newton m'madzi. Masiku amenewo Newton anawerenga Cipangano Catsopano, ndipo fanizo la mwana wolowerera, pa Luka 15, linamgwira mtima. Anaona kuti atate uja sanayembekeza kuti mwana ayambe wasamba, koma anamthamangira akali m'nsanza zace. Pa 8 April 1748 anaponya nangula ku Lough Swilly, m'dziko la Ireland, cakudya cao cotsiriza ciri pamoto. Ndipo asanakhalitse m'dokomo mphepo yaukali inaukanso, imene ikadawapeza panyanja ikadawamiza. Kuyambira pamenepo Newton anakumbukira tsiku la namondweyo caka ndi caka, pa 21 March, ndi kupemphera ndi kuyamika.

Mbiri ikadathera apa ikadakhala yokoma kuikamba. Koma coonadi citikakamiza kupitirira. Munthu uyu, wodyetsedwa ndi akapolo, wolanditsidwa m'nyanja, anabwerera ku nchito yogula anthu. M'caka comweco ca 1748 anapita ku Africa monga waciwiri wa mkuru m'ngalawa ya akapolo yochedwa Brownlow. M'caka ca 1750 anakwatira Mary Catlett, nakhala mkuru wa ngalawa iye mwini, nayenda maulendo atatu, woyamba m'ngalawa ya Duke of Argyle, enawo m'ngalawa ya African, kutenga anthu ku Africa ndi kukawagulitsa ku zisumbu za West Indies. Analeka kutukwana, pa Sabata anasonkhanitsa amarinyero ace kuwapempheretsa. Koma pansi pa mapazi ao, mumdima ndi m'fungo, munagona amuna ndi akazi ndi ana, opanikizana, ambiri a iwo omangidwa. Pamene anamva kuti akapolo apangana kuuka, anafinya zala za anyamata ena ndi zitsulo kuti aulule. Izi anazilemba yekha m'buku lace la ulendo. Anthu ambiri a ku England masiku amenewo anayesa malondawa nchito yololeka, ndipo cikumbumtima cace cinagona pamodzi ndi cao. Patapita zaka iye mwini anabvomera kuti pa nthawi ya namondwe uja anali asanakhale wokhulupira weni weni.

Sanaleka nchitoyi cifukwa ca kulapa ai. M'mwezi wa November 1754, atatsala masiku awiri kuti anyamuke ulendo wina, anagwa mwadzidzidzi nakomoka alikumwa tiyi ndi mkazi wace, ndipo asing'anga anamletsa kupita. Cotero Mulungu, amene anamturutsa m'madzi ndi dzanja lofatsa, anamturutsa m'malondawo ndi dzanja lolimba. Anapeza nchito ya Boma pa doko la Liverpool, yoyang'anira msonkho wa katundu wa m'ngalawa; madzulo anaphunzira Cihelene ndi Cihebri. Anapempha ubusa, nakanidwa zaka zingapo, kufikira m'caka ca 1764 anadzozedwa, natumidwa ku mudzi wa anthu osauka wochedwa Olney. Pemphero la amace linayankhidwa atagona m'manda zaka 32.

Ku Olney anakhala bwenzi la William Cowper, wolemba ndakatulo, munthu wobvutika ndi nthenda ya cisoni cacikuru, amene nthawi zina anayesa kuti Mulungu wamtaya. Newton anamsunga m'nyumba mwace miyezi yambiri osatopa naye. Wosatayidwayo anaphunzira kusataya mnzace. Awiriwa anapeka nyimbo za mpingo, zimene zinasindikizidwa m'caka ca 1779 m'buku lochedwa Olney Hymns. Imodzi ya izo, imene Angerezi aicha Amazing Grace, Newton anaikonzera tsiku loyamba la caka ca 1773, pamene analalikira pa 1 Mbiri 17, pomwe Davide azizwa kuti Yehova anamfikitsa kutali cotero, iye wosayenera.

M'caka ca 1780 anasamukira ku mpingo wa St Mary Woolnoth, m'kati mwa London. Kumeneko, m'mwezi wa December 1785, anadza kwa iye mnyamata wa m'Bwalo la Malamulo, William Wilberforce, amene mtima wace unali utayamba kutembenuka, ndipo analingalira zosiya bwalolo. Newton anamlangiza kuti akhale momwemo ndi kutumikira Mulungu pa mpando wace. Wilberforce anamvera, nakhala mtsogoleri wa iwo olimbana ndi malonda a akapolo. Ndipo m'caka ca 1788, zitapita zaka zoposa 30 cisiyire nyanja, Newton anatsegula pakamwa poyera. Analemba kabuku kochedwa Thoughts upon the African Slave Trade, nafotokoza zimene maso ace anaona ndi manja ace anacita, nabvomera kuti kuulula kwace kwacedwa, ndi kuti manyazi ace sadzamcoka. Kabukuko kanatumizidwa kwa a m'Bwalo la Malamulo, ndipo iye anakacitanso umboni pamaso pa akuru a Boma. Mbusa wochuka, wa imvi, anaima nadzicha wopalamula.

Lamulo loletsa ngalawa za Angerezi kugula akapolo linakhazikika pa 25 March 1807. Newton anali pafupi kukhala wakhungu, nzeru zace zitayamba kuzirala. Koma anauza womzonda kuti zinthu ziwiri sanaziiwala, kukula kwa ucimo wace ndi kukula kwa Mpulumutsi wace. Anamwalira pa 21 December caka comweco, ali ndi zaka 82. Lamulolo silinafika msanga kwa makolo athu. Kuno goli linapitirira kuyenda m'njira za ku Nkhotakota ndi ku Karonga kufikira zaka za m'ma 1890. Cifukwa cace ife sitingathe kuwerenga mbiri iyi mopepuka, monga nthano ya anthu akutali.

Wina adzafunsa, Nanga anthu aja anafera m'ngalawa zace, Mulungu sanawakonda kodi? Anawakonda ndithu, ndipo mwazi wao suiwalika pamaso pace. Newton sanasungidwa cifukwa anaposa iwo, monganso sanaposa munthu uja anakokoloka m'malo mwace. Cinsinsi ca cifukwa cace wina atengedwa ndi wina asiyidwa ciri ndi Mulungu yekha. Cimene tiona ndi ici, kuti Mulungu anasunga mboni kuturuka m'kati mwa coipaco, kuti pakamwa pace padzatsutse nchito ya manja ace.

Tsono tibwerere kwa anthu awiri aja. Inu amene muti Mulungu anakulekani, taonani kuti cikondi cace cinamtsata Newton alikutukwana, asanapemphere pemphero ndi limodzi lomwe. Sicinayamba ndi ubwino wace, cotero sicinatha ndi kuipa kwace. Ndipo inu amene muti kulanditsidwa kwanu kutsimikiza kuti njira zanu ziri zolungama, kumbukirani mapemphero aja a pamwamba pa ngalawa, ndi kubuula kwa pansi pace. Nkotheka munthu kuyamika Mulungu ndi mtima woona, alikupondereza mnzace osazindikira: mwana wamasiye wa m'nyumba mwace, wanchito wosalipidwa, mkazi wamasiye wolandidwa munda. Mulungu atilandira monga tiri, koma satisiya monga tiri.

Akuru anati, Khote khote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Njira ya John Newton inakhota zaka zambiri, koma mtima umene unalinga unali wa Mulungu. Tiyeni timpemphe kuti atitsegule maso ife msanga, tingacedwe kuulula monga anacedwa iye.