Kulondola Mapazi a Msilikali: Dzina, Mudzi ndi Nambala m'Mbiri ya Makolo a ku Vubwi

1. Mawu Oyamba

M'maboma a Vubwi, Katete ndi Sinda muli mabanja amene amadziwa kuti bambo wawo adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ya 1939 mpaka 1945, koma zonse zimene akudziwa zimathera pa mawu akuti adali ku Burma. Ana a asilikaliwo nawonso akalamba tsopano, ndipo akatha iwo sipadzakhala wofunsa. M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti chopinga chachikulu kwa mwana wofufuza mbiri ya kholo lake chili m'chiyankhulo. Munthu amene adalembedwa m'kaundula wa asilikali ndi munthu amene akukumbukiridwa pamudzi kawirikawiri sadziwika ndi dzina limodzi.

2. Magulu Amene Adatenga Anthu

Gulu la Northern Rhodesia Regiment lidakhazikitsidwa mu 1933 kuchokera ku nthambi ya nkhondo ya apolisi a dzikolo, ndipo pa nthawi ya nkhondo lidakula mpaka mabataliyoni 8. Bataliyoni yoyamba idamenyana ndi Ataliyana pa Tug Argan ku British Somaliland mu Ogasiti 1940. Ena adatumizidwa ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 ena adadutsa m'chigwa cha Kabaw ku Burma m'nyengo ya mvula mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin. Maina a misasa ya asilikali m'Zambia akusungabe mbiriyi: Tug Argan ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe ndi Gondar ku Chipata.

Vubwi ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ku Nyasaland kudali mabataliyoni a King's African Rifles amene likulu lawo lidali ku Zomba. Dzina la gulu limeneli ndilo lidabala mawu akuti Keyala, amene anthu amatha kutchulira msilikali wa gulu lililonse la nthawi ya atsamunda. Choncho banja likanena kuti bambo adali wa Keyala, wofufuza asafulumire kunena kuti adalembedwa ku Zomba. Mawuwo akufunika umboni wina wowachirikiza.

3. Vuto la Dzina

Mwamuna wa Chichewa ankatha kukhala ndi maina angapo pa moyo wake: la ubwana, la kudambwe, la ubatizo, la kuntchito, ndipo mwina lina lolowa m'malo mwa malume ake. Tsiku lolembetsa usilikali ankatchula limodzi mwa amenewa, ndipo ana amene adabadwa nkhondo itatha sankalimva. Ngakhale dzina limene ankalidziwa sankalitchula wamba, pakuti mwambo sulola mwana kuitana kholo ndi dzina lake. Chotsala m'makutu mwawo ndi chiwongo, monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, chimene anthu zikwizikwi amagawana.

Pamwamba pa izi pali kalembedwe. Alembi a nthawiyo kawirikawiri sankasiyanitsa mawu ampweya ndi opanda mpweya, kotero Phiri ankalembedwa Piri, Nkhoma nkukhala Nkoma. Zilembo za l ndi r ankazisinthanitsa, monga Chirwa ndi Chilwa. Ngakhale dzina la mfumu yotchuka ya Angoni limapezeka m'mapepala akale ngati Mpeseni m'malo mwa Mpezeni. Ngati dzina la mfumu lidasokonezeka chotero, nanga la mnyamata wa pamudzi? Tikulangiza kuti wofufuza ayambe walemba maina onse a kholo lake, lililonse m'kalembedwe konse kamene mlembi akadatha kugwiritsa ntchito.

4. Vuto la Mudzi

Msilikali ankalembedwa pamodzi ndi mudzi, mfumu ndi boma lake. Boma la Vubwi lidakhazikitsidwa mu 2012 kuchokera ku Chadiza, ndipo Sinda idapatulidwa chaka chomwecho kuchokera ku Katete ndi Petauke. Wofunafuna maina atsopanowa m'mapepala a nkhondo ngati maboma abwerera chimanjamanja, pakuti mapepalawo amatchula Fort Jameson, yemwe lero ndi Chipata, kapena Petauke. Chimene chidakhazikika ndi maina a mafumu, monga Pembamoyo, Mbang'ombe ndi Kawaza.

Midzi nayo idasamuka. Mu 1941 boma lidagula malo a kampani ya North Charterland Exploration, ndipo m'zaka zotsatira anthu ambiri adachotsedwa m'madera opanikizana nkukakhazikitsidwa pa malo atsopano. Komanso chifukwa cha chikamwini, mudzi umene ana adakuliramo ndi wa amayi awo, pamene mnyamata wosakwatira polembetsa ankatchula kwawo kobadwira. Mwambo womwewu ukutiuza kumene katundu wa msilikali adapita. Lisanabwere lamulo la 1989 la chuma cha masiye, zinthu za mwamuna womwalira zinkatengedwa ndi abale a kuchikazi kwake. Buku lotulukira usilikali ndi mamendulo, ngati zilipobe, nthawi zambiri zili kwa ana a mlongo wake.

5. Nambala ndi Mapepala

Chimene sichinkasintha ndi nambala ya msilikali. Imapezeka m'buku lotulukira ndi pa kachitsulo kovala m'khosi, ndipo asilikali ankailoweza pamtima mpaka ukalamba. Mamendulo amathandiza m'njira ina: Africa Star ndi Burma Star zimasonyeza dera limene munthu adatumikira.

Nambala ndi bataliyoni zikadziwika, mapepala amayamba kuyankhula. Ku National Archives ya ku Kew, mu London, kuli mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu a nkhondo, a ku East Africa ndi Middle East pa WO 169, a ku Asia pa WO 172. Mabukuwa amatchula akuluakulu achizungu kuposa asilikali wamba, komabe amasonyeza kumene bataliyoni idali tsiku lililonse. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka kuli malipoti a maulendo a mabwanamkubwa m'midzi. Nyuzipepala ya boma ya Mutende, imene idayamba mu 1936, inkalemba za nkhondo m'Chinyanja ndi m'ziyankhulo zina. Amene adafera kunkhondo afunidwe m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, ndipo ena mwa osowa manda adalembedwa pa zipilala za Rangoon Memorial ndi East Africa Memorial ku Nairobi. Mbiri ya gulu lonse ili m'buku limene adakonza W.V. Brelsford mu 1954, ndi m'buku la Alfred Tembo la 2021 lonena za nkhondo ndi anthu a m'Zambia ya atsamunda.

6. Umboni wa Pakamwa

Chinyanja chidali chiyankhulo cholamulira m'Northern Rhodesia Regiment, ndipo mawu monga perete, sajeni ndi kopolo adabwera kumudzi pamodzi ndi asilikali. Maina a malo akutali adawapinda kuti agwirizane ndi lilime lathu. Mphunzitsi wa chiyankhulo amene amadziwa malamulo a kubwereka mawu angathe kubwezera dzina lotere kumene lidachokera, nkuliyerekeza ndi buku la bataliyoni. Pachifukwachi pofunsa okalamba tiyenera kulemba mawu monga momwe atulukira pakamwa, tisadawakonze. Mlongo kapena mkazi wa msilikali amakumbukira kuti mwamunayo adachoka chimanga chili pati ndiponso mwana uti adali kumsana, ndipo zimenezi zimathandiza kupeza chaka.

7. Mawu Omaliza

Taona kuti kholo limasowa pakati pa dzina la mlembi ndi dzina la pamudzi, ndiponso kuti chiwongo, dzina la mfumu ndi nambala zikaikidwa pamodzi zimamupeza. Mapepala a ku Kew ndi ku Lusaka angathe kudikira, koma okalamba a ku Vubwi sangadikire. Tikupempha aphunzitsi a Chinyanja m'maboma atatuwa kuti atume ophunzira awo kukalemba maina onse a asilikali a m'midzi yawo, mafumu awo, ndi manambala amene akadakumbukika.